Pamene Mwana Ali Kutali Panyanja—Kodi Ndani Adzatonthoza Makolo?

Malemba oŵerenga pasadakhale: Oweruza 5:28-30, 1 Samueli 17:12-18.

1, 2. (a) Kodi mabanja a ku Sydenham akhala ogwirizanitsidwa motani ndi gulu lankhondo la pamadzi? (b) Kodi nchifukwa ninji achichepere ambiri amaloŵa m'gululo?

DERA la Sydenham mumzinda wa Durban, South Africa, lili pamtunda wa makilomita oŵerengeka chabe kuchokera pa limodzi la madoko otanganitsidwa koposa mu Afirika. Komabe, m'mbali zambiri za deralo munthu sangaone zombo, pakuti chitunda cha Berea chimatsekereza nyanja. M'doko limenelo muli Salisbury Island, malo a asilikali a pamadzi amene anamangidwa m'nthaŵi ya nkhondo yadziko yachiŵiri. Kuyambira chapakati pa ma 1970, anyamata achimwenye anali kuphunzitsidwa usilikali wa pamadzi pamalowo, pasukulu imene inadzatchedwa SAS Jalsena. Chotero kwa zaka makumi angapo, mabanja a m'madera ameneŵa a Durban akhala akuperekeza ana awo opita kunyanja.

2 Lamulo lokakamiza anyamata kuloŵa usilikali m'dzikolo linali kukhudza Azungu okha, ndipo linalekeka kuchiyambi kwa ma 1990. Achichepere amene amaloŵa m'gululo lerolino, amuna ndi akazi omwe, amadzipereka okha, ambiri a iwo atamaliza sekondale ndi kufunafuna ntchito osaipeza. Iwo amayamba maphunziro awo ku SAS Saldanha, kugombe la kumadzulo, ndipo pambuyo pake ambiri amatumizidwa ku Simon's Town pafupi ndi Cape Town, makilomita oposa 1,600 kuchokera ku Durban. Kunyumba kumatsala atate ndi amayi amene kaŵirikaŵiri sanakwerepo chombo chiyambire.

3. Kodi nchiyani chikusonyeza kuti nkhaniyi ikukhudza mipingo m'maiko ambiri?

3 Nkhaŵa yotero siili ya ku Durban kokha. Malaŵi ali ndi asilikali a pamadzi ku Monkey Bay, ndipo Mozambique ali ndi ake ku Metangula, tsidya lina la nyanja imodzimodziyo. Ngakhale makolo amene alibe mwana msilikali amadziŵa kuŵaŵa kwa kuyembekezera mbiri yochokera kutali. Mu March 2019, pamene Amalaŵi ambiri anathamangitsidwa m'zisakasa za ku Burnwood nathaŵira kupolisi ya Sydenham, achibale awo kumudzi anakhala chogwirira mafoni m'manja, osadziŵa amene anali wamoyo ndi amene anavulala. Kodi makolo okhala m'chiyembekezo chovutitsa maganizo chimenechi angachirikizidwe motani? Ndipo kodi ndi chitonthozo chotani chimene Akristu ayenera kupeŵa kupereka?

Mantha Awo Ali ndi Maziko

4, 5. Kodi ndi zochitika ziti zimene zimasonyeza kuti mantha a makolo sali ongoyerekezera?

4 Choyamba, nkofunika kuvomereza kuti makoloŵa sakuopa chithunzithunzi. M'mamaŵa pa February 21, 1917, chombo chotchedwa Mendi chinagundidwa m'nkhungu ndi chombo china, Darro, pafupi ndi Isle of Wight kugombe la England. Anthu 616 a ku South Africa anamira, pafupifupi onsewo amuna akuda amene anali kupita ku France kukagwira ntchito zamanja kaamba ka asilikali. Palibe chipolopolo cha mdani chimene chinawombedwa. Panapita masabata oposa aŵiri nduna yaikulu, Louis Botha, isanalengeze tsokalo m'nyumba ya malamulo, ndipo mbiriyo inatenga nthaŵi yotalikirapo kuti ifike kumidzi yakutali. Dzikolo limakumbukirabe tsiku limenelo chaka ndi chaka, ndipo chikumbutso cha zaka 100 mu 2017 chinachitikira mu Durban mwenimwenimo.

5 Nthaŵi ya mtendere nayonso ili ndi maliro ake. Pa February 18, 1982, chombo chankhondo cha SAS President Kruger chinagundana ndi SAS Tafelberg mkati mwa kuyeseza usiku ndipo chinamira, chikumapha amuna 16. Pa September 20, 2023, mafunde aakulu anakokolola asilikali amene anali pamwamba pa SAS Manthatisi, chombo choyenda pansi pa madzi, pafupi ndi Kommetjie. Atatu anamwalira, mmodzi wa iwo mkazi, Lieutenant Commander Gillian Hector. Ndiponso, kuyambira mu 2011 zombo za South Africa zinayamba kutumizidwa kukalondera m'Ngalande ya Mozambique, achifwamba a panyanja atalanda chombo cha asodzi kumeneko kumapeto kwa 2010. Mayi amene amadziŵa zinthu zimenezi sali wosoŵa chikhulupiriro pamene tulo timthaŵa.

6. Kodi nchifukwa ninji kukhala chete kwa mwana sikumatanthauza tsoka nthaŵi zonse?

6 Chimene chimalemetsa mtolowo ndicho kukhala chete. Foni ya m'manja imaleka kugwira ntchito chombo chikatalikirana ndi gombe. Mafunde a wailesi samayenda bwino m'madzi amchere, kotero kuti awo okhala m'chombo cha pansi pa madzi angathe masiku ambiri osatumiza liwu. Ndipo pali nthaŵi pamene asilikali amaletsedwa dala kuulula kumene ali ndi tsiku limene adzafika. Makolo amene afotokozeredwa zimenezi pasadakhale samafulumira kuona imfa m'kukhala chete kulikonse. Wamasalmo anadziŵa bwino lomwe za anthu ogwira ntchito pamadzi aakulu, amene namondwe amawakweza ndi kuwatsitsa kufikira nzeru zawo zonse zitatha. (Salmo 107:23-30) Mulungu amene anauzira mawu amenewo sali mlendo ku mantha a panyanja.

Amake a Sisera Pazenera

7, 8. (a) Kodi Debora ndi Baraki anafotokoza chochitika chotani? (b) Kodi cholakwa cha akazi anzeru aja chinali chotani?

7 Baibulo limasimba za mayi wina amene anayembekezera mwana wake msilikali. Sisera, kazembe wa nkhondo wa Mfumu Yabini ya Kanani, anali ndi magaleta achitsulo 900 ndipo anapondereza Israyeli kwa zaka 20. Iye anali mdani wa anthu a Mulungu, ndipo chiweruzo chimene chinamgwera pamtsinje wa Kisoni ndi m'hema wa Yaeli chinali cholungama. (Oweruza 4:1-21) Ngakhale zili tero, pamapeto pa nyimbo yawo ya chilakiko, Debora ndi Baraki anatembenukira kunyumba ya Sisera. Kumeneko amake anali kusuzumira pazenera, akumadabwa chifukwa chake galeta la mwana wawo linali kuchedwa.

8 Mayiyo sanali yekha. Anazingidwa ndi akazi omveka kukhala anzeru, ndipo iwo anali nalo yankho lokonzeratu: ankhondowo achedwa chifukwa chakuti akugaŵana zofunkha, atsikana ogwidwa ndi nsalu zamaŵangamaŵanga. Mayiyo analandira mawuwo nayamba kudziuza zofananazo. (Oweruza 5:28-30) Komatu panthaŵi imeneyo Sisera anali atagona wakufa. Akazi aja sanadziŵe kanthu kalikonse ponena za nkhondoyo. Anangolankhula chimene mwininyumba anafuna kumva. Ndipo chitonthozo chawo chinazikidwa pa kuvutika kwa ana aakazi a anthu ena, chinthu chimene mwachionekere sichinawavutitse mpang'ono pomwe.

9. Kodi Akristu okhala ndi zolinga zabwino angagwere motani mumsampha umodzimodziwo?

9 Nzachisoni kuti mawu onga amenewo amamvekabe, ngakhale pakati pa olambira oona mtima. Mlongo amauza mnzake kuti mwana wake adzabwera ndithu, pakuti Mulungu sangalole choipa kugwera banja lopemphera. Cholinga chake nchabwino, koma kodi iye wadziŵa motani? Ngati mwanayo abwera, mayiyo angaganize kuti mapemphero ake ndiwo anagula moyowo. Ngati sabwera, iye adzatsala ndi mafunso aŵiri oŵaŵa: kaya Mulungu ananama, kapena iye mwini anali wosayenerera kumvedwa. Miyambo 25:20 imayerekezera munthu woimbira nyimbo mtima wachisoni ndi uja wovula mnzake chovala tsiku lozizira. Lonjezo limene Mulungu sanapereke limasiya munthu ali wamaliseche pamene chisanu chafika.

Chimene Mulungu Walonjeza ndi Chimene Sanalonjeze

10, 11. (a) Kodi nchifukwa ninji kupulumuka kwa Paulo sikuli lonjezo kwa apaulendo onse a panyanja? (b) Kodi banja la Zebedayo linakumana ndi zotani?

10 Ena amasonya ku Machitidwe chaputala 27, kumene anthu onse 276 a m'chombo chimene mtumwi Paulo anakwera anapulumuka pachisumbu cha Melita pambuyo pa masabata aŵiri a namondwe. Cholembedwacho ncholimbikitsadi. Koma chitsimikizo chimenecho chinaperekedwa ndi mngelo kaamba ka ulendo umodzi umenewo, chifukwa chakuti Paulo anafunikira kukaimirira pamaso pa Kaisara. (Machitidwe 27:22-26) Ngakhale pamenepo, iye sanapinde manja. Anachenjeza kuti amalinyero asathaŵe m'chombomo, ndipo analimbikitsa onse kudya kuti apeze nyonga.—Machitidwe 27:30-36.

11 Lamulo lokhudza anthu onse lili pa Mlaliki 9:11, pamene Solomo anaona kuti othamanga ndi amphamvu omwe amagweredwa ndi nthaŵi ndi zochitika zosayembekezereka. Yesu anakana lingaliro lakuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anansi awo. (Luka 13:4, 5) Banja la Zebedayo, msodzi wa pa Nyanja ya Galileya, linaphunzira zimenezi moŵaŵa. Ana ake aŵiri anamsiya m'ngalaŵa natsatira Kristu, ndipo amawo anali pakati pa akazi amene anatumikira Yesu kufikira pa imfa yake. (Marko 1:19, 20; Mateyu 27:55, 56) Komabe Yakobo anaphedwa ndi lupanga la Herode, pamene Petro, wogwidwa m'nyengo imodzimodziyo, anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo. (Machitidwe 12:1-11) Palibe angatsutse kuti Yehova anawakonda onse aŵiri.

12. Kodi makolo angadalire malonjezo ati, ndipo ayenera kukana chiyani?

12 Kodi pamenepa pemphero nlopanda pake? Kutalitali! Yobu anali kudzuka m'mamaŵa kupereka nsembe kaamba ka ana ake achikulire, aliyense payekha, ndipo anatero nthaŵi zonse. (Yobu 1:4, 5) Kholo lingapemphe kuti mwana wake atetezeredwe, kuti akhale ndi nzeru pangozi, ndi kuti chikumbumtima chake chisagonthe pakati pa mabwenzi akumwa ndi achisembwere m'madoko achilendo. Chimene Mulungu watsimikiza kupereka kwa wopempherayo ndicho mtendere umene umatchinjiriza mtima ndi maganizo, limodzi ndi nyonga ya kupirira chilichonse chimene chingadze. (Afilipi 4:6, 7, 13, 1 Petro 5:7) Iye walonjezanso kuti nyanja idzapereka akufa amene ali mmenemo. (Chivumbulutso 20:13) Ambiri a amuna a m'chombo cha Mendi alibe manda, ndipo maina awo anangozokotedwa pamwala ku Hollybrook, mu Southampton, koma Mlengi sanaiŵale ndi mmodzi yemwe. Pokhala ndi chiyembekezo chimenechi, Mkristu amakana zithumwa zosokerera m'yunifomu, ndiponso madzi ndi mafuta amene odzitcha aneneri amagulitsa monga chitetezo. Amalonda ameneŵa amadyerera mantha a amayi, ndipo Malemba amatsutsa ntchito zawo.—Deuteronomo 18:10-12, 2 Petro 2:3.

Chitsanzo cha Jese

13, 14. Kodi Jese anachitanji pamene ana ake anali kunkhondo, ndipo makolo angamtsanzire motani?

13 Tate wina wa ku Betelehemu anasonyeza njira yabwinopo. Jese anali wokalamba pamene ana ake aakulu atatu, Eliabu, Abinadabu, ndi Sama, anatsatira Mfumu Sauli kukayang'anizana ndi Afilisti m'chigwa cha Ela. Masiku 40 anapita nkhondoyo isanagamulidwe. Jese sanakhale pazenera. Anatuma Davide ndi efa wa tirigu wokazinga, wokwanira malita ngati 22, ndi mikate khumi kaamba ka abale ake, ndiponso zigawo khumi za tchizi kaamba ka mkulu wa gulu lawo. Analamula mnyamatayo kukaona mmene abale akewo analili ndi kubwera ndi chizindikiro chochokera kwa iwo. (1 Samueli 17:12-18) Nkhalambayo inafuna umboni, ndipo inaufuna kupyolera mwa munthu amene inamkhulupirira.

14 Makolo lerolino angachite zofananazo. Mwana asananyamuke, banja lingagwirizane za amene adzalandira mauthenga ndi utali wa nthaŵi imene kukhala chete kungayembekezeredwe. Nkwanzeru kutsimikizira kuti dzina, keyala, ndi nambala ya foni ya wachibale wodziŵitsidwa pangozi, zimene msilikali aliyense amalembetsa, nzolondola, makamaka ngati banja lasamuka. Kalata kapena uthenga wosimba tinkhani ta panyumba, limodzi ndi lemba losankhidwa bwino, uli kwa wokhala kutali monga madzi ozizira kwa munthu waludzu. (Miyambo 25:25) Koma ngati uthenga uliwonse wochokera kunyumba uli wopempha ndalama, mwanayo posapita nthaŵi adzayamba kuopa kuutsegula. Zoona, ana ali ndi thayo la kusamalira makolo osoŵa, komatu iwo afunikira kudziŵa kuti amakumbukiridwa ngakhale pakati pa mwezi. (1 Timoteo 5:4) Ndipo makolo sayenera kukhumudwa ngati chisamaliro chawo chilandiridwa mozizira. Davide atafika ndi chakudya chija, Eliabu anampsera mtima namnena kuti wangodzera kudzaonerera nkhondo. (1 Samueli 17:28) Munthu amene wakhala m'mantha kwa masiku 40 samalankhula mokoma nthaŵi zonse.

Pamene Chosankha cha Mwana Chipweteka Chikumbumtima cha Makolo

15, 16. (a) Kodi ndi liti pamene nkhani ya chikumbumtima iyenera kukambitsiridwa? (b) Kodi nchifukwa ninji mpingo suyenera kuimba mlandu makolo?

15 Makolo ena ali ndi chisoni chinanso chimene samachitchula poyera. Iwo anaphunzitsa ana awo ulosi wakuti anthu a Mulungu adzasula malupanga kukhala zolimira, ndi chenjezo la Yesu kwa Petro ponena za ogwira lupanga. (Yesaya 2:4, Mateyu 26:52) Ena amakumbutsa kuti Yohane Mbatizi analangiza asilikali kusalanda ndi kukhutira ndi malipiro awo, ndi kuti kenturiyo Korneliyo analandira mzimu woyera. (Luka 3:14; Machitidwe 10:1, 44-48) Nkhaniyi njolemera, pakuti chombo chankhondo, ngakhale chitapulumutsa asodzi kapena kuthamangitsa achifwamba, chinapangidwira kumenya nkhondo. Wachichepere ayenera kuthandizidwa kuyang'anizana ndi choonadi chimenecho moona mtima, Baibulo lili lotsegula, asanasaine pangano lililonse. Kunyamula mafunso amenewo ndi kukawatula pa amake chombo chitanyamuka kale kuli nkhanza.

16 Mwana wachikulire amasenza katundu wa iye mwini, ndipo adzadziŵerengera mlandu wake kwa Mulungu. (Agalatiya 6:5, Aroma 14:12) Kupyolera mwa Ezekieli, Yehova ananena momveka kuti atate sadzasenza cholakwa cha mwana. (Ezekieli 18:20) Ngati mneneri Samueli sanathe kusankhira ana ake njira, kodi ndani angafune zimenezo kwa mkazi wamasiye wa ku Sydenham amene analera ana yekha m'dera lovutitsidwa ndi ulova? (1 Samueli 8:1-3) Awo amene ana awo akali pakhomo angachite bwino kudzichepetsa. Makolo nawonso sayenera kutseka chitseko. Mwana amene akudziŵa kuti kunyumba kuli chikondi, ngakhale kuti kulibe chivomerezo cha zonse zimene wasankha, amakhala ndi kobwerera pamene mafunso a chikumbumtima ayamba kumvutitsa pakati pa usiku ali paulonda.

Mpingo Umene Umasenza Nawo Mtolo

17, 18. Kodi zochitika ziŵiri za m'moyo wa Davide zimaphunzitsanji ponena za kufalitsa mbiri?

17 Vesi lachiŵiri la chaputala chimodzimodzicho cha Agalatiya limalamula Akristu kunyamulirana zothodwetsa. (Agalatiya 6:2) Njira imodzi yochitira zimenezo ndiyo kulamulira lilime, ndipo m'masiku ano, chala chomwe. Panthaŵi ina mbiri inafika kwa Davide yakuti Abisalomu wapha ana onse a mfumu. Davide anang'amba zovala zake nagona pansi, koma pambuyo pake kunadziŵika kuti wakufayo anali Amnoni yekha. (2 Samueli 13:30-33) Mphekesera yotero tsopano imayenda pa WhatsApp ndi Facebook m'mphindi zoŵerengeka. Magulu a makolo a asilikali amene amalankhulana mwa njira zimenezi angakhale othandiza, popeza kuti mayi amene mwana wake wapita ulendo wachisanu angakhazike mtima pansi uja amene wake wapita woyamba. Koma Mkristu samatumiza chithunzi cha ngozi kapena dzina la wovulala chabe chifukwa chakuti wachilandira. Wochenjera amayamba wapenda. (Miyambo 14:15) Kulengeza kumene chombo chili kungaikenso pangozi ana a anthu ena.

18 Kubisa choonadi nakonso sikuli chifundo. Pamene Davide anakhala pakati pa zipata ziŵiri kuyembekezera mbiri ya nkhondo yolimbana ndi Abisalomu, Ahimaazi anathamanga nafika choyamba. Atafunsidwa za mnyamatayo, iye anazemba, akumati anangoona chipiringu. Mkusi amene anafika pambuyo pake ndiye ananena zoona, ngakhale kuti anasankha mawu ake mosamala. (2 Samueli 18:19-33) Ngati mbiri yoipa yatsimikiziridwa ndi akuluakulu a asilikali, akulu a mpingo ayenera kupita iwo eni kunyumbako, aŵiri kapena atatu, limodzi ndi mlongo wachikulire amene angakhale ndi amayiwo. Mabwenzi a Yobu anachita bwino koposa m'masiku asanu ndi aŵiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu. Mavuto anayamba pamene anatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake tsokalo linadza.—Yobu 2:13, 16:2.

19. Kodi ndi chithandizo chotani chimene chimafunika m'masiku wamba a kuyembekezera?

19 Komabe, masiku ochuluka a kuyembekezera samakhala ndi mbiri iliyonse, yabwino kapena yoipa, ndipo mmenemo ndi mmene makolo amaiŵalidwa. Anthu amafunsa za mwanayo m'sabata loyamba, ndiyeno amaleka. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mbale amene amakumbukira dzina la mwanayo ndi kulitchula popemphera ndi banjalo, wachichepere amene amaŵerengera agogo uthenga wa pafoni kapena kuwaperekeza kuchipatala m'malo mwa mdzukulu amene kulibe, mlongo amene amafika m'mwezi wachiŵiri ndi kungokhala nawo pakhonde—onseŵa akulira ndi olira. (Aroma 12:15) Atate sayenera kulambalalidwa, pakuti amuna ambiri anaphunzitsidwa kubisa nkhaŵa, ndipo ena amaimiza m'moŵa. Ngati kholo lasiya kudya kapena kugona kwa masabata ambiri, nkoyenera kulilimbikitsa kukaonana ndi dokotala. Gulu lankhondo nalonso lili ndi antchito othandiza mabanja a asilikali, ndipo kuwafikira sikuli chizindikiro cha kufooka kwauzimu.

20. Kodi mwana wobwera patchuthi ayenera kulandiridwa motani?

20 Tsiku limafika pamene chombo chikocheza ndipo mwanayo afika pakhomo ndi chikwama chake. Iye angakhale wachete kuposa kale, kapena angadzidzimuke ndi phokoso laling'ono. Makolo anzeru samamfunsa mafunso ambirimbiri tsiku loyamba, ndipo samaitana mudzi wonse iye asanapume. Ngati afika pamsonkhano wa mpingo, apatsidwe moni ndi dzina lake ndi malo okhala pafupi ndi banja lake. Tchuthi chotero chimakhala chachifupi, ndipo makolo ambiri amafuna kudziŵa mmene angayambire kukambitsirana naye zinthu zauzimu popanda mkangano. Nkhani yotsatira idzapenda mbali imeneyi.